Anandisankha ine, amuna anga anawasiya

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito ya upolisi. Amuna anga nawonso ndi apolisi, siteshoni yathu ndi imodzi. Iwo ali ku nthambi yofufuza milandu, ine ndimakhala pakauntala kulandira madandaulo. Ntchito anayamba kale ine ndisanalowe, moti tikakumana pakhonde la ofesi ndimawapatsa ulemu wa bwana ngati wina aliyense.

Chaka chatha kunabwera chilengezo chakuti akufuna apolisi okhala ndi digiri kuti akachite maphunziro apamwamba ku yunivesite. Maphunzirowo ndi osanthula milandu: kuona kuti mbava zikuthyola nyumba m'dera liti, masiku ati, mwa njira yanji, kuti apolisi azidziwa kokadikirira m'malo momangofika zinthu zitatha. Amene anabweretsa nkhaniyi kunyumba ndi amuna anga. Anati nanenso ndilembere kuti ndikawaperekeze ku mayeso. Ndinawaperekezadi. Mayina atatuluka, langa linalipo, lawo panalibe.

Sanakalipe. Anandigwira chanza pamaso pa anzathu ngati mlendo wochokera kulikulu. Koma kuyambira tsiku limenelo dzina langa kunyumba ndi Profesa. Mwana akasowa sokosi, amamuuza kuti akafunse a Profesa asanthule. Tsiku lina mphaka anaba nyama kukhitchini, iwo anaimitsa ana pakhomo kuti asasokoneze umboni mpaka katswiri afike. Ana anaseka. Iwo sanaseke.

Apongozi anga atamva anabwera, sabata yonse anagona kwathu. Tsiku lonyamuka anandiuza kuti mbava imagwidwa ndi miyendo osati mabuku, ndipo mwana wawo miyendo anaithera pa ntchito imeneyi. Apo sananame. Bondo la amuna anga linaphweteka pamene anadumpha mpanda akuthamangitsa wakuba, ndipo nyengo yozizira amatsimphina.

Ndinapita mwakachetechete kwa mkulu wa siteshoni kukapempha kuti malo anga awapatse amuna anga. Anandiyankha kuti malowo si mpando wa m'basi woti n'kupatsirana. Ndikakana, wotsatira ndi mnzathu wina amene timamutchula kuti Mubwere-Mawa, chifukwa ndilo yankho limene amapatsa aliyense wodandaula.

Lamlungu ndinawapeza amuna anga akupolisha nsapato panja, ndipo ndinawafunsa maso ndi maso ngati akufuna ndipite. Anati, "Pitani, wakuletsani ndani?" Sanadzutse mutu. Atamaliza zawo anapolishanso zanga n'kuziika pakhomo, zitaloza kunja.

Aphungu, kusukuluko ndikufuna. Pali mayi wina wogulitsa zovala amene amuthyolera nyumba katatu, ndipo katatu konse chimene ndamuchitira ndi kulemba dzina lake molondola. Koma yunivesiteyo ili kutali, maphunziro ndi a zaka ziwiri, kunyumba ndizibwera patchuthi pokha. Banja langanso ndikulifuna. Akuluakulu a kuntchito akufuna yankho mwezi uno usanathe. Nditani?

T. G., kumalaini a polisi


Mayi T. G.,

Pitani kusukulu. Yankho lanu mupereke sabata ino, chifukwa mukamazengereza ndiye kuti nyumba yonse izikhala ikudikira chigamulo. Mukakana, amuna anu sapeza kanthu. Adzangokhala ndi mkazi wokwiya kunyumba ndi Mubwere-Mawa wa digiri yachiwiri kuntchito. Palibe amene analakwa mokwanira kulandira chilango chotere.

Koma pali chimene munalakwitsa. Munapita kwa mkulu wa siteshoni kukawapemphera malo iwo osadziwa. Mtima wanu unali wabwino, koma pa siteshoni chinsinsi sichigona masiku awiri. Akadzamva kwa anzawo kuti mkazi wawo anakawapemphera chifundo, zidzawapweteka kuposa kusiyidwa kumene. Auzeni nokha, msanga, ndipo pa ichi chokha mupepese. Za kukhoza mayeso musapepese.

Nkhaniyi musakambire kunyumba kapena kuntchito. Tulukani awiriwiri, opanda yunifolomu, opanda ana. Auzeni kuti mukudziwa kuti maphunzirowa ankawafuna ndi mtima wonse, kenako mutseke pakamwa. Amuna anu si ankhanza, ndi munthu amene wavulala koma akukana kupita kuchipatala. Akhoza kukhala chete nthawi yaitali. Musawathandize kuyankhula. Inu mumalandira madandaulo tsiku ndi tsiku, mukudziwa kuti wodandaula weniweni sayambira pamene pakupweteka.

Za dzina la Profesa, auzeni poyera kuti muli awiri likhoza kupitirira, koma pamaso pa ana lithe. Ana amaphunzira msanga amene akuloledwa kumuseka m'nyumba.

Musananyamuke mugwirizane za ana: wowaperekeza kusukulu ndani, akadwala aitanidwe ndani, inu muzibwera liti. Musawakonzere zonse n'kuwasiyira ngati malamulo a ntchito. Zina asankhe okha, nyumbayo ndi yawonso. Ngati akufuna kudzayesanso chaka chamawa, akafunse okha kwa akuluakulu pamene panawavuta. Inu kuofesi ija musabwererenso m'dzina lawo.

Apongozi musalimbane nawo. Owayankha ndi mwana wawo, tsiku limene adzakhale ndi yankho. Koma nthabwalazi zikasanduka kunyoza, kapena akayamba kukutchingirani njira, musapirire nokha. Pezani wachibale wamkulu amene amuna anu amamumvera.

Kusukuluko mukapeza kuti pali zambiri zimene munthu amene wathamangitsa mbava zaka zonsezi akudziwa ndipo aphunzitsi anu angoziwerenga. Zikakuvutani muziwafunsa. Koma ndikuchenjezeni: muzifunsa zokhazo zimene simukuzidziwadi. Musamadzipusitse dala kuti iwo amve bwino, musamabise mayeso amene mwakhoza, musamanamizire kuti sukulu ikukukanikani. Munakwatiwa ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana anthu kumaso akamanama. Adzakugwirani musanamalize chiganizo, ndipo kumveredwa chisoni ndi mkazi wake ndi mlandu umene mwamuna sautseka msanga.

Phungu wanu