Mbewu yofiira ya ku Zemba

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Kwatentha tsiku lonse, mitambo ikungoopseza.

Ndine Nabanda, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo lero mtima wanga sunakhazikike. Nkhani ndi mbewu ya chimanga imene ndinagula Lolemba pamsika wa ku Zemba, kwa mwamuna wina wa njinga yamoto. Ndinagula chifukwa inali yofiira ngati ya kusitolo, ndiponso chifukwa azimayi a kutchalitchi kwathu anali atazungulira thumba lake. Dzina la mbewuyo sindinafunse n'komwe.

M'mawa ndinatapako pang'ono, dzanja lili ndi thukuta. Chikhatho chonse chinafiira, njere n'kuyera ngati chimanga cha m'nkhokwe mwanga. Zina zinali zobooledwa ndi anankafumbwe.

Ndinapita kwa a Naphiri, oyandikana nawo nyumba, mmodzi wa azimayi aja.

"Kodi inu munagula mutaona chiyani?"

"Ndinaona inuyo, amayi. Ndinati a Nabanda ndi akale, sangagule zinyalala."

Pamene ine ndinagula nditaona iwo! Tinaseka, koma kuseka kwake kowawa. Tonsefe tinapenyana nkhope, mbewuyo palibe anaipenya.

Munda ndi umodzi, ndipo mvula yodzalira sibwera kawiri. Ndadzala njere khumi m'phale kuseri kwa nyumba, ndathirira, ndione ngati zimere. A Naphiri akuti mwina mankhwala a masiku ano amasuluka chomwecho. Mwina. Koma mwamuna uja sanazimitse njinga yake nthawi yonse imene ankagulitsa. Ndinaona ndi maso angawa Lolemba, koma kudabwa ndadabwa lero.

Mvula ikagwa njerezo zisanamere, kaya ndidzale, kaya...