Mizele ya Atate Pakhoma

Monile achimwene ku Kitwe,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Kuno tili moyo, koma atate aonda.

Mukukumbuka mizele yamakala imene ankajambula pakhoma chaka ndi chaka akamva mitengo ya boma pa wailesi? Mzele wa thonje unkangokwela, ndiye chaka chathachi munda wonse anadzala thonje, chimanga ayi. Amayi atawaletsa, anangoti, "Iwe, khoma ili linandinamizapo?"

Mtengo unakweladi, koma lole yakudepoti sinabwele kudzatenga thonjelo. Thonje lawola ndi mvula, ndipo m'nkhokwe mulibe ngakhale chitsononkho.

Dzulo amayi anazila khoma lonselo ndi dothi. Atate anangokhala pansi n'kumayang'ana pomwe panali mizele.

Chonde tumizani ufa, ndipo mukamawalembela musatchule thonje. Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Tiwonge