Nkhope ya Toinette pa Chokupizira

Paris, Novembala 1768

Wokondedwa mng'ono wanga Clémence,

Uli bwanji ku Dresden kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tilipo. Tikudzuka, tikudya, tikugona.

Mwana wanga Toinette tinamuika m'manda mwezi wathawu. Nthomba. Anthu anabwera, analira, anapita. Ine misozi sinatuluke, mpaka apongozi ananong'oneza anzawo kuti mkazi uyu mtima wake ndi mwala. Kaya, mwina akunena zoona.

Chondivuta n'chakuti nkhope yake yandithawa. Ndikatsinzina ndimangoona zilonda zija. Mwana wobala ndekha, koma sindikukumbukira mmene ankaonekera asanadwale.

Abwana athu, a Vauquelin, anapatsidwa ntchito yopanga chokupizira choti a kunyumba yachifumu atumize kwa dona amene umamugwirira ntchito uja ngati mphatso. Timitengo take ndi ta mnyanga wa njovu, golide m'mphepete. Mlamu wako Gaspard ndiye anajambula zithunzi, ine anandipatsa kuti ndipinde. Nditachiyala patebulo ndinaona kamtsikana koweta nkhosa katakhala pansi pa mtengo. Makutu otuluka aja, kampata ka m'mano kaja. Toinette yemwe. Bambo wakeyo, Gaspard, sanandiuze, ndipo mpaka lero sitinakambirane.

A Vauquelin anakalipa, ati kodi dona wachifumu azikupizidwa ndi mwana wa makutu ngati zogwirira mphika? Ati afufute msanga. Gaspard, munthu wosayankha uja, anawauza kuti ngati akufuna makutu ena adule awoawo amatepo. Nthawi inali itatha kale, choncho abwanawo anangotukwana n'kuchisiya.

Ndinapinda ndekha. Ndinangosamala kuti mzere wopindira usadutse pankhope, monga timachitira nthawi zonse. Kenako ndinachitseka, anachiika m'kabokosi, ngolo n'kuchitenga. Ine ndinaima pakhomo ngati ndikudikira wogulitsa mkaka. Ngoloyo isanakhote, nkhope ija inali itandithawanso.

Tsono Clémence, iwe ndiwe umasunga zovala ndi zokupizira za dona wakoyo. Ndikudziwa ali nazo mbwee. Adzachigwira kamodzi kugule, n'kuchiiwala m'kabati. Sindikuti uchibe, ayi ndithu, angakupachike. Ngati achikonda kapena ayi, usavutike kundiuza, zimenezo ndilibe nazo ntchito.

Chikafika, uchitsegule, umuyang'ane bwinobwino, undilembere mmene alili. Maso, mphumi, chibwano, chilichonse. Ulembe ngati ukufotokozera munthu amene sanamuonepo.

Undiperekere moni kwa amuna ako, a Lothar, ndi ana onse. Anawo uwapsompsone, uziwayang'anitsitsa akadali pafupi. Mulungu akusunge ndi kukuteteza m'nyengo yozizirayi.

Chomaliza, ukamapukuta fumbi m'kabatimo, uzichisiyako chotsegula pang'ono, ngakhale kanthawi kochepa. Mwanayo ankaopa mdima.

Ndine mkulu wako,
Perrine