Theka la bwalo lapsa

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino, poti munthu wothawa ntchito sadwaladwala. Kodi amayi mwendo uja ukuwavutabe? Ine kuno moyo ulipo, koma mtendere unachoka nawo ndiwe.

Ukudziwa kuti ndinachita kuwagwadira abwana kuti akulembe ntchito pabwalo la mpira lino. Madzi othirira atachepa chifukwa cha chilala, ndinakupatsa chochita chimodzi chokha, kupopera kapinga ndi madzi a ndere za m'nyanja aja. Ndinakufotokozera ngati mwana kuti madzi amenewo amathandiza mizu kulowa pansi ndi masamba kusunga chinyezi, komanso kuti amapoperedwa dzuwa lisanafike poipa. Kapinga akapsa kale, ngakhale umusambitse nawo, palibe chimene chimachitika.

Tinagawana bwalo, ine mbali ya kugeti, iwe mbali inayo. Bwera udzaone lero. Yanga ikadali yobiriwira, yako yauma gwaa ngati chiguduli. Malire ake ali pamzere wapakati penipeni, moti munthu akhoza kuwapeza ndi phazi atatsinzina. Osewera akusupuka mawondo, ndipo kochi wawo wandikalipira pagulu.

Mlonda wandiuza kuti unkakhuthulira zigubu zako m'ngalande kuseri kwa zimbudzi, ati madziwo ankanunkhitsa malaya ndipo atsikana ankakuthawa. Atsikana! Zoona malaya ako anaposa mimba za ana anga?

Abwana sakumva zimenezo. Akuti kiyi wa kositolo yosungiramo katundu wa bwalo ndimasunga ndine, ndiye zigubuzo ndinagulitsa. Anena kuti mwezi ukatha mwini wakewe usanaonekere, ntchito yanga yatha, ndipo kanyumba ka kuseri kwa bwalo ndituluke. Pamwamba pa zonsezi ndamva kuti wawauza amayi kuti unachoka kuno chifukwa ndinkakuzunza. Ndakwiya, ndipo sindikubisa.

Pempho langa ndi limodzi. Kwera basi, udzaime pamaso pa abwana, unene ndi pakamwa pako kumene zigubu zinapita. Kupepesa kwako usunge, sindikukufuna.

Ukapanda kubwera, ndibwera ndine, ndi ana onse komanso katundu. Chipinda ukugonamocho ndinamanga ndine, ndiye uyambiretu kufunsa anzako pogona.

Undiperekere moni kwa amayi, azakhali ndi alamu. Moni wako ndidzakupatsa pamaso, kaya pageti la bwalo, kaya pakhomo la chipinda changa. Usankhe wekha.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu