Mbewu Yanu Ndinakapereka ku Masika

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine Esinati wanu, ndikulemba ndili pakhonde pomwe paja munkasendera nandolo. Kuno tilipo, koma kukhalapo kwake n'kongoti sitinafe.

Ndiyambe ndi zabwino poti n'zochepa. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane anachira kwawo ku Mdeka, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, kulira kwakenso n'kosanyengerereka ngati inu mukakwiya. Yohane mwana wakeyo sanamunyamulepo, ali ku Joni chichokereni titangokuikani m'manda. A Mariamu, anzanu Achisilamu aja munkagulitsa nawo tomato pa Lirangwe, amandifunsabe ngati ndikudya. Tsiku lina anandiponyera chinangwa m'chitenje.

Za kumunda musafunse. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, dzuwa linawamba, chotsalacho mbozi zinamaliza. Kochepa komwe ndinakolola tinadya nyengo yozizira isanathe, moti m'nkhokwe yanu mukuikira nkhuku. Munkati pokolola dengu loyamba n'la Mulungu, lachiwiri n'la mbewu, mimba imadza pambuyo. Chaka chino mimba inatsogola, Amayi, ana analira ndipo ndinalephera kuwakaniza.

Sabata la masika litayandikira, m'nyumba munangotsala mbewu yanu ija ya chimanga chamakolo, yomwe munalandira kwa agogo. Ndinali nditasankha ngala zingapo zimene zinapulumuka n'kuzimangirira pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asazipeze, monga munandiphunzitsira. Ndinaziyang'ana kambirimbiri. Inu simunapiteko ku masika chimanjamanja, ngakhale chaka cha njala chija munanyamula maungu awiri n'kumatsogolera nyimbo ngati mwasenza ngolo. Amayi a m'mudzi muno amalowa m'tchalitchi pamzere, madengu ali pamutu, ndipo malo anu akutsogolo anandisiyira ine. Ndinakwera pampando n'kumasula mbewuyo.

Abusa analalikira bwino, ndisawanamizire. Anati tsiku lomwelo Akhristu akuyamika Mulungu ku Korea, ku Brazil ndi kwina kumene zilankhulo zake sitidzazimva, ndiponso kuti zopereka zathu zikagulitsidwa zithandiza alaliki opita ku Mozambique. Ine maso anali pa mabenchi a abambo, pomwe panakhala nkhalamba zokhazokha. Yohane amanditumizira makanema pafoni akuimba kwaya ku Joni, mwana wa a Nachisale akutinso ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Uthenga ukufaladi, koma kwathu kuno akuunyamula ndi ana anu othawa njala.

Mapemphero atatha, zopereka anazitulutsa pansi pa mtengo wa mango kuti azigulitse. Mkulu wa mpingo atakweza ngala zanu, anthu anaseka kuti zada ndi mwaye, ufa wake ukanunkha utsi. Sankaseka mwachipongwe, sanadziwe chabe. Anagula ndi bambo ena a ku Chileka oweta nkhuku. Ndinaona ndi maso angawa akukhuthulira m'thumba, n'kulimangirira kumbuyo kwa kabaza. Ndinafuna kunena kuti imeneyo ndi mbewu, koma ndinakumbukira kuti munkatiuza kuti chopereka sachilondola kumene chapita.

Zikundipweteka, Amayi. Nyimbo yoyamika ndinaimba mpaka kumapeto, koma mtima sunaimbe nawo. Sindikudziwa ngati analandira ndi Mulungu kapena nkhuku za bambo aja. Mukanakhalapo bwenzi mutandikalipira chifukwa cha mawu amenewa, ndipo ndikanakondwa kumvanso kukalipa kwanu. Mbewu ya m'sitolo sindingaikwanitse, ndipo popanda feteleza siichita kanthu. Mvula ikadza, munda wanu ndingoulima kuti anthu asanene, koma chodzala ndilibe.

Nditafika kunyumba ndinagubuduza dengu lija, ndipo munagwa njere zimene zinakanirira m'nsungwi. Sizikudzaza n'chikhatho chomwe. Ndazimanga pansonga ya chitenje chanu chachigwirizano, kumene ana sangafike.

Ndikulonjeza kuti ndidzazidzala kuseri kwa bafa, pomwe pamayenda madzi, ndipo ndidzatchinga ndi minga kuopa mbuzi. Zikamera, ngala yoyamba idzapita kutchalitchi monga mwa mwambo wanu. Zikakana, ndidzaimabe kutsogolo kwa mzere ndi dengu lopanda kanthu, ndipo mudzandikhululukire ngati mawu a nyimbo sadzatuluka.

Ndimakukondanibe, Amayi.

Mwana wanu,
Esinati