Ntchentche ya ulusi wofiira

Amayi,

Kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ine ndilipo. Za kumudzi ndikuuzani, koma imani kaye ndiyambe ndi ya Loweruka, ikundiyabwa pakamwa. Amayi, ndaiona ntchentche yanu! Kuno ku Mangalande, ndi maso angawa!

Mukuwakumbukira agogo a Dennis, amene ndimawasamalira ku Lewisham, aja amanditcha Tina chifukwa Tiyamike linawakanika? Akwanitsa zaka 80, ndiye mwana wawo anawatengera kokawedza kudamu lina kunja kwa London. Ine ananditenga kuti ndizikawapatsa mankhwala ndi kuwagwira lamba asagwere m'madzi. Ine m'boti, Amayi! Ine woopa ngakhale Mudi ukadzaza!

Tili pakati pa madzi, chikhoma cha damu chili apo, agogo anatsegula kabokosi kachitsulo. Mkatimo mbedza zovekedwa nthenga kuti zizioneka ngati ntchentche, zija munkamanga inu kufakitale ku Limbe mpaka maso anayamba kuchita chidima. Paja munkati, "Azungu ndi odabwitsa, nsomba kuinamiza ndi nthenga ya nkhanga, nyongolotsi zili mbwee." Nsomba yakeyo, tirauti, simunaionepo n'komwe. Ndiye ndikuyang'ana, ndikuona ziwiri za nthenga ya nkhanga, kumutu kuli kaulusi kofiira kozunguliza katatu. Chizindikiro chanu chija, choti akapitawo asasokoneze zanu ndi za anzanu! Ndinakuwa mpaka boti linapendama. Mwana wawo akuti anazigula kalekale pashopu, mwina zinachokera ku Kenya. Kenya wa chiyani? Ine dzanja lanu ndimalidziwa.

Agogo anati, "Tiyese ya amayi ako." Anaponya, kukoka pang'onopang'ono, kuponyanso. Kachinayi ndodo inapindika. Amayi, zimagwira! Ntchentche zanu zimagwiradi! Nsomba inadumpha, yaitali ngati mkono wanga, yamawangamawanga, m'mbali muli mzere wapinki. Anandipatsa kaukonde kuti ndiiwole ikafika pafupi, koma misozi inali itadzaza m'maso, ndinagunda chingwe n'kuduka. Basi yapita, ntchentche yanu ili kukamwa.

Ndinapepesa mpaka agogo anaseka. Akuti, "Usalire Tina, siipita kutali. Zimenezi amabwera nazo palole n'kuzithira muno. Kotulukira kulibe, izingozungulira." Iwo ankati akunditonthoza. Koma ine ndinamva ngati akunena za ine.

Za kumudzi tsopano. Achemwali a Enelesi anachira, mwana wamkazi, am'patsa dzina lanu, ndipo akuti chipumi ndi chanu chenicheni. Chimanga cha ku Lunzu chachita bwino, koma anankafumbwe ayamba kale. Denga la kukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja. Amalume akonza zoti chiliza chanu achivundukule mu Ogasiti, ndipo Lamlungu lililonse amandiimbira: "Maliro sunabwere, ulendo uno utinamiza chiyani?"

Amayi, ndazungulirazungulira, ndinene basi. Sindibwera. Pasipoti yanga ikadali ku ofesi ya maviza, chaka ndi miyezi itatu tsopano, yomwe ija inandilepheretsa kudzakuikani. Loya akuti ndikaiitanitsa andibwezera, koma pempho langa lifera pomwepo. Ndikatuluka sindidzalowanso, ndipo sukulu ya unesi, imene munagulitsira makina anu osokera, ithera panjira. Ndiye ndimangokwera basi, Thamesmead komwe ndimakhala, Lewisham, Thamesmead, ndikafika n'kuyamba kuyang'ana pansi pa chitseko ngati envelopu ya ku ofesi ya maviza yagwa. Pamagwa timapepala totsatsa pitsa.

Fomu yoitanitsira pasipotiyo ndinali nditalemba kale, inali m'chikwama ngakhale m'boti muja. Pobwerera m'galimoto ndinayang'ana chala changa. Mukukumbukira ndili Sitandade 4, ndikuseweretsa mbedza zanu, imodzi itandilowa? Ndinkafuna kuizula, inu munandigwira dzanja. "Mbedza saikokera m'mbuyo, imang'amba. Ikankhe itulukire kutsogolo." Munakankhadi, ine kulira mpaka aneba anabwera, koma chipsera chake lero ndi kadontho chabe. Fomu ija ndaing'amba. Amalume ndiwauza Lamlungu, anene zomwe anene, ndimva. Inu nokha musandikwiyire.

Ntchentche yachiwiri ija agogo anandipatsa. Ndaibaya mkati mwa thumba la yunifolomu, ndikawerama poyala bedi imandilasa pang'ono, ine n'kumati ndamva, Amayi. Envelopu ikadzafika sindidzayambira kwa amalume, ngakhale kwa achemwali. Ndidzatsika pa Chileka n'kulunjika kwa inu, ndidzakubwezereni katundu wanu. Ntchentcheyi inabwera kuno yopanda pasipoti, idzabwerera ndi ine.

Ndine wanu wokukondani,
Tiyamike