Tochi ya Panjinga Ilibe Mlandu

Amayi anga, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu uja munkati amayenda ngati waponda linthumbu. Kuno ku Mzimba chisanu chafika, chomwe chija munadandaula nacho mutabwera kudzaona mdzukulu wanu, n'kunena kuti anthu akuno analakwira dzuwa. Kalatayi ndayiyamba katatu. Ulendo uliwonse ndimathera pa nkhani za nkhuku, chifukwa nkhani yeniyeni ndikuyiopa.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Giresi anabereka mwana wamkazi mwezi watha, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, mkwiyo nawonso ukuoneka kuti watengera. Achimwene ku Jenda akolola chimanga chokwanira, koma fodya sanachite bwino. Kumanda kwanu tinakalambula pa Pasaka. Mtengo wanu wa mapeyala unabereka moti nthambi ina inathyoka yokha.

Amuna anga, bambo a Tiya, akadali ku Joni. Ine ndikuphikabe kusukulu yogonera konko ija ya ku Boma. Phala la ana liyenera kupsa isanakwane sikisi, choncho ndimatulutsa njinga folo koloko, nkhuku zisanatsike. Kanjira kochoka kwathu kukalowa mumsewu wa ku Manyamula simunakayendepo. Kali ndi mizu, mchenga wokoka matayala, ngalande zimene mvula inakumba, ndiponso kamlatho ka mitengo padambo, koti ukaphonya pang'ono wagwera m'matope.

Kale ndinkaunikira ndi foni, dzanja limodzi pachiwongolero. Chaka chatha bambo a Tiya ananditumizira tochi yeniyeni ya panjinga, yotchaja pa sola. Tsiku loyamba inawala moti agalu a pamudzi anathawa, kuyesa kukubwera galimoto. Chomangira chake chinathyoka ndi mabampu, ndiye ndinaimanga ndi mphira ya chubu. Ndinaphunzira kuiweramitsa pang'ono, kuti izindionetsa dzenje ndisanalifike komanso isamathobwe m'maso anzanga obwera kutsogolo. Ndinkayenda monyada, Amayi, mwina n'kumaimba nyimbo za kwaya.

Itapita Pasaka, tochi ija inayamba kufooka. Kuwala kunatsala pakati pokha, kakang'ono ngati mbale, m'mbali monse bii. Muzu ndinkauzindikira tayala litaugunda kale. Ndinati vuto ndi batire. Amene amaika tochi pa sola masana ndi Tiya, mdzukulu wanu, yemwe tsopano ali Sitandade 7 ndipo wandipitirira msinkhu. Ndinamukalipira. Iye anati, "Amama, ndatchaja, onani kagetsi kobiriwirako." Ndinamuuza kuti asandiyankhe. Tsiku lina nditagwa pa mizu n'kusupuka bondo, ndinafika madzulo ndili moto. Ndinamunena kuti ndi waulesi, kuti akufuna mayi ake akafere padambo. Analira osatulutsa mawu. Mawa lake ndinamuona akupukuta galasi la tochi ndi nsonga ya yunifolomu yake, pang'onopang'ono, akuliuzira mpweya.

Lachiwiri lapitali ndinayendera limodzi ndi Nyajere, mnansi wanga amene amagulitsa tomato mumsika wa ku Boma. Ine ndinali patsogolo, iye pambuyo ndi dengu lake. Titatsika padambo ndinangomva akukuwa, "Ngolo! Ngolo!" Ndinagwira mabuleki, koma mochedwa. Ndinagunda ngolo ya ng'ombe imene wina anaisiya m'njira itathyoka gudumu, phewa langa n'kumenya thabwa. Chikhala kuti ndinali pa liwiro, kalata ino bwenzi ndikudzakuuzani pamaso.

Nyajere anandidzutsa, n'kunena m'Chichewa chake chija chosakaniza ndi chiyankhulo cha kuno, "Mama, ngolo yonseyi mbwenu simunayione? Ine ndayiona kalekale ndi nyali yanu yomweyo. Ikuwala chomene."

Ndinatsutsa. Mukundidziwa ndikayamba kutsutsa. Iye sanalimbane nane, anangomasula tochi yake n'kuimanga panjinga panga, yanga n'kuimanga pa yake. Tinayenda. Amayi, mdima unali womwewo. Kambale kaja pakati, m'mbali bii. Kumbuyo kwanga Nyajere ankatchula mwala uliwonse ndi tochi yanga ija. Titafika pamsewu anaima, n'kundigwira mkono. "Ndapota, mukapimitse maso." Ndinangoti yewo, n'kukankha njinga mpaka ku Boma. Phala linachedwa tsiku limenelo, ndipo ndinanama kuti tayala linaphwa.

Ndikuvundula phala lija ndi pamene ndinakukumbukirani. Nyali yathu yagalasi ija mukuikumbuka? Dzuwa likangolowa munkayamba: "Esinati, galasi ili wapukuta ndi chiyani? Chingwe wadula bwanji? Palafini uyu athiramo madzi." Ndinkapukuta ndi phulusa, ndi nyuzipepala, ndi nsalu yanga yomwe, inu n'kumati likadali lakuda. Munayamba kutsekera nkhuku dzuwa likadalipo. Munasiya kupita ku mapemphero a madzulo, mwati abusa amatalikitsa. Popita kukhitchini munkayenda dzanja lili pakhoma, tikakufunsani mwati mukuona ngati chiswe chalowa. Tinkaseka, Amayi. Tonse tinkaseka.

Ndiye kunabwera tsiku lija, chisisira, nyali ili m'manja, pamene munagwera m'dzenje limene achimwene anakumba poumba njerwa. Dzenje loti linakhala pamenepo mwezi wathunthu. Chiuno chinathyoka, ndipo pamphasa paja simunadzukeponso. Ngakhale muli chigonere munkanenabe kuti nyali ndiyo inali yofooka. Nyaliyo ndinapukuta ndine tsiku limenelo, nditabwera kumudzi kudzakuonani. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinaipukuta bwino.

Ndakukwiyirani sabata ino, ndisakubisireni. Inu amene munkatiuza kuti safunsa anadya phula, bwanji simunafunse? Chipatala sichinali kutali. Koma mkwiyo sukukhalitsa, chifukwa tsopano ndikudziwa mmene zimakhalira. Kunena kuti nyali yafooka n'kosavuta, mawa ugula ina. Kunena kuti maso akutha, pakamwa pamauma.

Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa kamlatho kaja m'mawa uliwonse. Ndikuopa kuti akuluakulu a pasukulu akadziwa adzati munthu wosaona bwino asayandikire miphika ya moto, ndipo ntchito ikatha sindikudziwa kuti Tiya adzafika bwanji ku sekondale. Bambo ake sindinawauze. Akaimba foni amafunsa kuti tochi ikugwira ntchito, ine n'kuti ikugwira. Madzulo ndayamba kupunthwa pa ndowa imene ndaiika ndekha. Dzulo ndinadzipeza ndikulowa m'nyumba dzanja lili pakhoma, ndipo ndinalichotsa msanga ngati ndagwira mbaula. Masana ndimaona bwinobwino, ulusi ndimalowetsa m'singano, n'kumadzinamiza kuti palibe kanthu. Koma dzuwa silichedwa kulowa mwezi uno. Ndipo ndikamuyang'ana Tiya akuwerenga, ndimayang'ana maso akewo, n'kumadzifunsa ngati chinthuchi chimayenda m'magazi. Munkati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, Amayi, chinaimba m'nyumba mwathu zaka zambiri, ife n'kumapukuta galasi.

Panopa Nyajere ndiye amatsogola. Wamangirira thumba loyera kumbuyo kwa dengu lake, ine ndimaloza tochi pa thumbalo n'kumalitsatira. Pakamlatho timatsika tonse n'kukankha. Sanauze munthu aliyense, mayi uja, ngakhale pakamwa pake sipatsekeka pa nkhani zina. Koma tomato akatha sadzapitanso ku Boma m'mamawa, ndipo ine ndidzatsala ndekha ndi kambale kanga ka kuwala.

Dzulo madzulo ndinamupeza Tiya pakhonde akupukutanso tochi ija. Atandiona anadzidzimuka, n'kuibisa kumbuyo ngati waba. Pamenepo mtima unandipweteka kuposa phewa. Ndinadziona ndekha ndili ndi nyali yanu m'manja. Ndinakhala naye pansi, n'kumuuza kuti, "Mwanawe, tochi ilibe mlandu, iwenso ulibe mlandu. Ndi maso anga." Kenako anati, "Ndimadziwa, amama. Ndimaopa kukuuzani." Ndiye mwina nanenso ndinkadziwa kalelo, ndikuopa kukuuzani inu.

Lachinayi likubwerali amaona za maso kuchipatala cha ku Boma. Ndapempha kale kuti ndikatha kuphika phala anditulutse. Sindikudziwa chimene akandiuze. Mwina ndi chinthu cha mankhwala kapena magalasi, mwina ndi chija chosabwerera. Ndikamva mawu amenewo mwina ndikakomoka pabenchi pomwepo, koma ndipita, ndipo ndikatuluka ndikaimbira foni bambo a Tiya n'kuwauza zonse. Ndikukulonjezani zimenezi, ndiponso kuti mdzukulu wanu sadzasenza mdima wanga ngati mlandu wake.

Ndimakukondani, Amayi, ndi ukali wanu womwe. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha, ngati kumeneko maso anu anatseguka: yang'anani m'mbuyo tsiku lija, muone nyali imene ndinakupatsani m'manja. Galasi lija linali loyera. Ndinalipukuta bwino.

Ndine mwana wanu,
Esinati